Dzina Lothera pa Geti

Dalen Sadiwa ndinamudziwa asanadziwe kupukuta mamina. Mayi ake, Aling Bining, ankagulitsa nsomba zouma pafupi ndi mpando wanga, ndipo kamwanako kankagona m'dengu pansi pa tebulo, ntchentche zikuchita msonkhano pamphuno pake. Ine ndine Pidyong, wometa wa pansi pa masitepe a msika wa Santa Ines, pachilumba pathu pano. Sukulu ndinalekezera giredi folo, chifukwa aphunzitsi ndi ine tinasiyana maganizo pa nkhani ya masamu, ndipo ndodo inali mbali yawo. Ndiye ndikaphonya mawu a makina awa mundikhululukire. Kuseka anthu m'tauni muno ndi ntchito yanga, si yanu.

Dalen anakula ali mwana wa mutu. Anaphunzira za makompyuta zaka ziwiri ku Lucena, n'kubwera ndi pepala lomwe mayi ake analiika m'galasi. Pepalalo ntchito silinamupezere, koma mwamuna anapezeka: Nestor, mnyamata wooneka bwino, wa tsitsi lomwe ndinkalisamalira ndekha, wodziwa kusisita tambala womenyanitsa kuposa kugwira chikwanje. Atabadwa Shaira, mpunga unayamba kuchepa m'nyumba, ndipo Dalen anachita zomwe amachita ana athu onse a mutu. Anakwera sitima yapamadzi, kenako ndege, mpaka ku Taiwan, kufakitale yopanga tizitsulo ta m'kati mwa mafoni. Mwana anamusiya ali ndi zaka ziwiri. Anakhalako zaka zisanu ndi zinayi.

Masiku amenewo intaneti m'tauni muno inali m'sitolo imodzi, kuseri kwa ogulitsa mankhwala. Munali makompyuta anayi oponyamo ndalama: waponya peso, yakupatsa mphindi zingapo, kenako yatseka maso ngati mlonda. Lamlungu lililonse Misa ikatha, Aling Bining ankanyamula mdzukulu wawo ndi mapeso omanga pampango, kukaona Dalen. Nthawi zambiri nkhope yake inkauma pagalasi, kukamwa kuli yasa, mawu n'kumabwera pambuyo ngati mwamuna wochokera ku mowa. Shaira anakula akudziwa kuti amayi ndi munthu wokhala m'bokosi, wolankhula pang'ono kenako n'kuzima. Pambuyo pake anaimika nsanja ya netiweki paphiri, mafoni anatsika mtengo, ndipo lero ngakhale Aling Bining amagulitsa nsomba diso limodzi lili pa foni. Makasitomala anga amaonera atambala akumenyana ine ndili mkati mowameta. Ndimawauza kuti akasuntha mutu, khutu ndi lawo.

Ndalama zomwe Dalen ankatumiza zinkafika bwinobwino. Atambala a Nestor ankamwa mavitamini, pamene Aling Bining ankadula mapiritsi a mtima pakati kuti akwane mwezi. Mmene Dalen ankazindikira, n'kuti Nestor atawolokera kale ku Batangas ndi mkazi wina komanso atambala awiri. Ine ndinadandaula tsitsi lokha.

Ndiye anabwera kwawo, atawonda, maso atatopa ndi tizitsulo, koma ali ndi ganizo.

"Mang Pidyong," anatero tsiku lina atakhala pabenchi panga, "kufakitale kuja tinalipo akazi ambirimbiri, ndipo aliyense anali ndi Nestor wake. Wina ndi mwamuna, wina ndi mchimwene, wina ndi bambo ake omubala. Ndalama ili ndi miyendo. Thumba la mpunga lilibe."

"Nestor akanagulitsa thumbalo," ndinatero ine.

"Akanatopa polinyamula."

Ganizo lake linali tsamba la pa intaneti. Mwana ali ku Dubai kapena ku Canada alitsegula, asankha mpunga, mankhwala, gasi wophikira, keke ya tsiku lobadwa, alipira komweko, ndipo kuno Dalen agula mumsika mwathu n'kupatsa akabaza a njinga za matayala atatu kuti akasiye pakhomo pa mayi ake a mwanayo. Analitcha Kapatseni Amayi. Analimanga yekha chaka chathunthu patebulo lodyera, akusuntha kompyuta nthawi ya chakudya n'kuibwezeretsa mbale zikachoka. Magetsi akazima ankakwera nayo kuphiri, n'kukakhala pansi pa nsanja ija ngati munthu wopemphera. Kenako anapita nalo ku Manila, ku mpikisano wa mabizinesi atsopano a pa intaneti. Kumeneko anyamata ovala majuzi m'nyumba yozizira analankhula Chingelezi tsiku lonse, namuuza kuti dziko lathu ladzaza ndi mwayi popeza anthu athu amagona ndi foni, amadzuka ndi foni. Anamupatsa malaya ndi satifiketi, n'kumuuza kuti adzabwerenso akadzakhala ndi makasitomala ambiri. Malayawo anandikwana ine.

Apo n'kuti zomwe anasunga ku Taiwan zikupita kumapeto. Mu Febuluwale anaimba mkulu wa ku ofesi yotumiza anthu kunja: fakitale ija ikumufunanso, zaka zitatu, ndipo malo amusungira mpaka kutha kwa Juni. Dalen sanakane, sanavomere. Shaira anali ndi zaka khumi ndi zitatu, atangoyamba kumene kumutcha Mama osayamba wayang'ana kwa agogo ake. Nkhani yonse inali pomwepo. Tsamba likayamba kuwadyetsa pofika Juni, Dalen akhala ndi mwana wake. Likalephera, abwerera m'bokosi.

Tsamba linayamba kuyenda mu Malichi, ndipo linayenda ngati nkhanu. Makina analibe mlandu, vuto tinali ife. Mwana wa ku Dubai akamalemba dzina la mayi ake amalemba la ubatizo, lomwe amalidziwa ndi wansembe ndi wosema mwala wa pamanda basi. Nyumba zathu zilibe manambala. Misewu mayina ili nawo, koma m'mapepala a ku ofesi ya meya. Theka la tauni ndi a Sadiwa, theka linalo ndi a Luarca, ndipo a Maria Luarca tili nawo asanu ndi awiri, osawerengera amene anagona. Kadontho ka pa mapu a m'foni kankaloza nyumba zina pakati pa nyanja. Turing, mkulu wa akabaza, bambo wa ana asanu wosakonda kufunsa njira, anapereka mankhwala a shuga kwa Maria wolakwika. Tsiku lina keke yolembedwa mawu ofunira munthu moyo wautali anakaisiya pamaliro. Anthu a pamalirowo anaidya.

Dalen anabwera kwa ine mmawa wina, foni m'manja, nkhope ili ngati wamwa viniga.

"Kuya Turing akuti Maria Concepcion Luarca sakuwadziwa."

"Inenso sindikuwadziwa. Ndi a ku chilumba chino?"

"Aling Sion, ogulitsa masamba aja."

"A Thekalakilo? Ukanangotero, Ineng." Ineng ndi mmene timaitanira mwana wamkazi kuno.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti ndili ndi kanthu pamphuno.

Kuno banja lililonse lili ndi bansag, dzina lachipongwe lochokera kwa agogo kupita kwa adzukulu ngati mphuno. A Thekalakilo analitengera ku sikelo ya agogo awo. Kuli a Nalimata, a Sindinaledzere, a Mbuziyameya, a Mawandilipira. Ukafunsa njira ndi dzina limenelo, ngakhale galu akulozera ndi milomo. Koma lili ndi lamulo lake lomwe palibe anatiphunzitsa: dzinalo limakufikitsa pa geti, n'kutsala pomwepo. Ukalowa umati Aling Sion, mwadzuka bwanji. Mwini wake amalidziwa, iwe umadziwa kuti amalidziwa, ndipo nonse mumakalamba mpaka kufa osalitchula pamaso.

Ambiri mwa mayinawa ndinawapeza alipo kale. Ena, ndisaname, anatuluka pakamwa pano.

"Mukuwadziwa onse?" anafunsa Dalen.

"Ineng, ine ndi kaundula wa ku tchalitchi timasiyana chimodzi. Ine sindilakwitsa."

"Ndiye mundiuze. Ndiika kabokosi kena m'tsambamo, koona akabaza okha."

"Ulipira chiyani?"

"Khofi."

"Ndi buledi wa kokonati. Mutu wokalamba suyenda ndi madzi okha."

Tinakhala masiku atatu pansi pa masitepe, ine ndikuyenda tauni yonse ndi pakamwa, nyumba ndi nyumba kuyambira ku doko mpaka kumanda, iye akulemba. Sindinalemekezedwepo chotero chibadwire. Zaka zonsezi anthu ankati pakamwa panga ndi ngalande, ndiye apa mwana wophunzira akulemba chilichonse chotuluka m'ngalandemo, n'kumandifunsanso kalembedwe kake. Titafika pa banja lawo lomwe ndinatsokomola pang'ono.

"Nenani, ndimalidziwa," anatero osadzutsa mutu.

"Ngati umalidziwa, lemba wekha. Ine ndadya buledi wako."

Mu Epulo nkhanu inawongoka. Katundu ankafika pakhomo poyenera, Turing n'kujambula mayi atakumbatira thumba la mpunga, chithunzi n'kupita ku Dubai dzuwa lisanapendeke. Ana a kunja anayamba kuuzana. Ogulitsa mumsika, omwe poyamba ankati intaneti ndi ya anthu osowa chochita, anayamba kumusungira Dalen nsomba zabwino pansi pa tebulo. Iye anagula kamakina kosindikiza timapepala tomata pa katundu, kuti Turing asamaime pamsewu n'kumasisita foni ndi chala chake chonga chinangwa. Dalen ndinamuona tsiku lina akudutsa mumsika atakolowekana mikono ndi Shaira, akukangana za mtundu wa nsapato, onse awiri akuumirira mofanana. Foni ya ku ofesi ija ikalira, ankaisiya ilire.

Kenako inafika Meyi, ndipo Ma'am Pacita Luarca anakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri.

Ma'am Pacita anaphunzitsa giredi sikisi zaka makumi atatu ndi zisanu, Dalen yemwe anadutsa m'manja mwawo. Ndiwo mkulu wa amayi a m'tchalitchi, amayi omwewo amene ana awo ali kunja. Meya akawaona amatulutsa manja m'thumba. Koma nawonso ali ndi bansag, ndipo nkhani yake ndi iyi. Bambo awo, Mang Crispin, anali mmodzi mwa onyamula chifanizo cha Santa Ines pa mdipiti wa chikondwerero, kalekale ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Atafika pakhomo pa tchalitchi chingwe cha buluku lawo chinaduka. Manja onse awiri anali pa mtengo wonyamulira chifanizo, ndipo munthu wa Mulunguyo anasankha woyera mtima. Khamu lonse linakhala chete, kupatula mnyamata wina wopanda khalidwe amene anali pamwamba pa mpanda, yemwe ananena mokweza zomwe aliyense ankaona. Kuyambira tsikulo banjalo ndi a Bulukulagwa. Pacita anali pambuyo penipeni pa bambo ake, kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, atavala mapiko a mngelo.

Mwana wawo Renato, wa ku Canada, anaitanitsa phwando lonse kudzera pa tsamba la Dalen: nkhumba yowotcha yathunthu, pansit wathu wonga supageti, ndi keke yaikulu ngati tayala. Dalen anasankha chilichonse yekha, riboni anamanga yekha. Kamakina kanasindikiza kapepala, iye n'kumata pa bokosi la keke monga ankachitira masiku onse. Pa timapepala timeneti pankatuluka dzina la ubatizo, ndi lina lija pambali pake, popeza tinali ta akabaza. Mwezi wonse Turing ankatimatula pa geti n'kutiika m'thumba, osauzidwa ndi munthu, chifukwa ndi mwana wa kuno. Tsiku limenelo manja ake onse awiri anali pa nkhumba.

Ine ndinalipo. Sanandiitane, koma kuno munthu akawotcha nkhumba fungo ndiye kalata. Analiponso wansembe wathu watsopano, Padre Kornelis, wochokera ku Indonesia, amene anali atakhala nafe miyezi inayi. Munthu wa mtima wabwino, koma chilankhulo chathu n'kuti akuchitolera kumene, kambewu kamodzikamodzi ngati nkhuku. Anamupempha kuti adalitse chakudya. Pofuna kulemekeza mwini tsiku ndi dzina lake lonse, anawerama pa bokosi la keke n'kuwerenga pang'onopang'ono, momveka bwino, monga amawerengera Uthenga Wabwino.

"Ambuye, dalitsani mtumiki wanu, Ma'am Pacita Luarca Bulukulagwa."

Palibe anaseka. Bola akanaseka. Amayi makumi anayi anayang'ana mbale zawo, ndipo foni yomwe anaiimika pa kabati kuti a ku Canada aziona phwando inapitiriza ntchito yake. Ma'am Pacita anati Amen, anachita chizindikiro cha mtanda, nauza anthu kuti adye. Nkhumba inali yabwino. Ine sindinadye kwenikweni, mwina mbale ziwiri.

Sabata yotsatira tsamba linali zii ngati msika pa Lachisanu Loyera. Ma'am Pacita sanauze munthu kuti asiye kugwiritsa ntchito. Sanafunikire kutero. Amayi anangouza ana awo pa foni kuti mpunga wa pa tsamba uja ndi wouma, ndipo gasi wake sachedwa kutha. Kenako anayamba kubwera kwa Dalen mmodzimmodzi, mwaulemu, ngati odzapepesa maliro.

"Ineng, ine mwandilemba kuti chiyani m'makinamo?" anafunsa Aling Sion.

Dalen sadziwa kunama, ndi chilema chobadwa nacho. Anangoyang'ana pansi.

"Ndiye lafika mpaka ku Dubai."

"Ayi, Aling Sion. Amaona ndi akabaza okha."

"Ndi wansembe," anatero Aling Sion. "Sikelo imene ndili nayoyi ndinagula ndekha, yatsopano. Ukhoza kudzaiyesa." Anakonza dengu lawo pamkono n'kumapita.

Tinapita kukapepesa kwa Ma'am Pacita Lachitatu masana, Dalen atanyamula suman, mpunga wokulunga m'masamba a nthochi, ine nditavala malaya a ku Manila aja popeza ndi okhawo opanda chigamba. Anatilandira bwino kwambiri, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti zavuta. Anatikhazika pa mipando ya alendo yokutidwa ndi pulasitiki, natipatsa madzi a mandimu m'matambula a galasi.

Dalen anatenga dzanja lawo n'kuligunditsa pamphumi pake, monga timalemekezera akulu kuno. "Ma'am, wolakwa ndine. Sindinaganize za kapepalako."

"Palibe kanthu, Edralyn. Keke inali yofewa," anatero, akumutchula dzina la ubatizo ngati m'kalasi.

"Mayina onse ndafufuta, Ma'am."

"Wachita bwino. Unali mwana waukhondo m'makope ako."

Ndinaona kuti mwanayo akumira, ndiye ndinalowererapo. "Ma'am Pacita, uyu alibe mlandu. Dzinalo ndinamuuza ndine. Ndipo ngati tikunena zoona, tsiku lija pa mpanda paja..."

"Ndikudziwa amene anali pa mpanda, Elpidio. Mapiko anali kumsana, sanandiphimbe m'maso." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Inu palibe amene amayembekezera kanthu kwa inu. N'chifukwa chake mwakalamba bwino."

Kenako anatembenukira kwa Dalen, mawu ali pansi.

"Zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ndakhala ndikulimva kumbuyo kwanga. Mumsika, m'sitima, ngakhale kwa ana a m'kalasi mwanga momwe. Sindinadandaule. Mawu amapita ndi mphepo, ine n'kulowa m'nyumba mwanga n'kutseka chitseko. Adzukulu anga anabadwira kutali, ndipo ndinkati amenewo okha ndiye apulumuka. Dzulo wamng'onoyo wandifunsa pa foni kuti, Agogo, buluku la ndani? Akuti kanemayo amuonera kasanu." Anawongola nsalu ya patebulo yomwe inali yowongoka kale. "Suman wina mubwerere naye, ine shuga."

Tinatuluka ndi theka la mphatso yathu. Titafika pa mlatho Dalen anaima.

"Ndiye nditani, Mang Pidyong?"

"Dikira, Ineng. Kuno anthu amaiwala."

"Bulukulo lakwanitsa zaka zingati?"

 Si kawirikawiri kuti munthu anditseke pakamwa, ndipo sizinandikomere.

Anayesa, ndisamunamizire. Analembera anyamata a majuzi aja, iwo n'kumuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Anayenda nyumba ndi nyumba kufotokoza kuti m'makinamo mwatsala mayina a ubatizo okhaokha, ndipo paliponse anamupatsa mpando, madzi, ndi yankho lakuti inde, inde, tiona, lomwe kuno ndi ayi wovala bwino. Anaganiza zopaka manambala pa nyumba zonse ndi penti yake, koma a ku ofesi ya meya anati nkhani imeneyo ikufunika komiti, ndipo komitiyo idzakumana chikondwerero chikatha. Sananene chikondwerero cha chaka chiti.

Chodabwitsa n'chakuti njinga ya Turing inkadutsabe pamsika itadzaza matumba a mpunga. Ine ndinaona, ndipo kamodzi m'moyo wanga ndinasunga pakamwa. Turing ananena yekha, pakati pa Juni, atapeza Dalen pabenchi panga. Anavula chipewa n'kumachipotokola.

"Bosi, ndinene musanamve kwa ena. Ana a kunja aja ali ndi nambala yanga, chifukwa cha zithunzi zija ndinkawatumizira. Ndiye akumandilembera ine. Akuti amayi awo za tsamba sakufuna, koma iwonso ndalama m'manja mwa abambo awo sakufuna. Ndiye akumanditumizira pa foni, ine n'kugula, n'kukasiya."

"Nanga nyumba mukuzipeza bwanji, Kuya?"

Turing anagogoda mutu wake ndi chala chija. "Muno simusindikiza, Bosi."

Dalen anaseka, kuseka kwa munthu amene wasenza madzi mtunda wautali n'kupeza kunyumba kwagwa mvula.

"Ndiye kuti ganizolo linali labwino."

"Labwino zedi. Akabaza tonse asanu ndi atatu tikudyera pomwepo. Anzanga amati mwina tizikupatsaniko kenakake pa mwezi."

"Kagulireni ana anu nsapato, Kuya."

"Musatikwiyire, Bosi."

"Ndatopa, Kuya Turing. Kukwiya kumafuna mphamvu."

Anasaina pa 28 Juni. Aling Bining anandiuza kuti Dalen anamuuza mwana nthawi ya chakudya chamasana, ndipo Shaira anangofunsa kuti zaka zingati. Atamva kuti zitatu anati, ndiye mudzandipeza ndakupitirirani msinkhu. Kenako anatsuka mbale zonse, ndi miphika yomwe, chinthu chimene sanachitepo osatumidwa.

Ananyamuka mu Ogasiti. Ku doko tinapita anayi: iye, mwana, Aling Bining, ndi ine amene sindinaitanidwenso. Sitima ya eyiti koloko inachedwa maola awiri. Anali atatsanzikana kale, misozi ya Aling Bining itagwa n'kuuma, ndiye tinangokhala pabenchi ya simenti n'kumadya mtedza wophika, aliyense akuyang'ana madzi.

"Tsambalo ulitani?" ndinafunsa, pofuna kuti pamveke mawu.

"Malo ake ndinalipira mpaka Disembala. Lidzazima lokha."

"Ndiye munthu akadzalitsegula?"

"Adzapeza poyera, Mang Pidyong."

Sitima itaonekera, Dalen anatembenukira kwa mwana wake.

"Lamlungu ndizidzaweruka thuu koloko."

"Thuu ndimakhala ku kwaya, Mama."

"Folo?"

"Folo netiweki imavuta. Tauni yonse imakhala ikuimbira ana awo."

"Faifi ndiye."

"Faifi. Koma musamandifunse za sukulu zokhazokha."

"Ndizikufunsa chiyani?"

Shaira anaganiza, akusenda mtedza womwe sanaudye.

"Kaya. Muziganiza muli pa ntchito. Mudzakhala ndi sabata yonse."

Dalen anati chabwino. Anagunditsa dzanja la mayi ake pamphumi, langanso, ngakhale ndinamuuza kuti dzanja langa lilibe madalitso, n'kunyamula chikwama chake. Sitima inachoka teni itadutsa.

Tinabwerera atatu pa njinga imodzi. Shaira anakhala kumbuyo kwa woyendetsa, nkhope ili kunyanja, mpaka pomwe msewu umakhotera m'minda ya kokonati. Tsiku limenelo ndinatsegula mochedwa. Munthu woyamba kukhala pampando anandifunsa ngati pali zatsopano m'tauni, ndipo ine ndinamuuza kuti aweramitse mutu.